A Norris Sugden ndi Migolo Isanu ndi Inayi

A Norris Sugden sanali munthu wokhululuka, ndipo sankabisa. Ankati kukhululuka ndi ntchito ya abusa, iwo ndiwo amalandira malipiro ake. Yawo inali yolera mowa m'chipinda chapansi pa bala ya Belu Long'aluka, kuseri kwa msika mumzinda wa Sheffield, ndipo anaigwira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Ndati kulera, ndipo sindinaphonye. Mowa wa m'migolo umachoka kofulula usanathe kupsa, uli wamoyo. Ukafika umafuna kugonekedwa chammbali pamalo ozizira, osaugwedeza, mpaka nsenga zonse zitakhazikika pansi. Kenako umaboola pamwamba n'kuikapo kachikhomo ka mtengo wofewa kuti upume. Ukapuma mokwanira umazula kofewako n'kukhomerapo kolimba kuti mphamvu isathawe. Mgolo ukangoyamba kumwedwa, masiku atatu uthe, apo ayi usanduka viniga. A Norris zonsezi ankazidziwa ndi mphuno ndi khutu. Ankagogoda mgolo ndi chala n'kunena kuti, "Uyu mawa masana," ndipo mawa masana umakhaladi utapsa.

Anabadwira m'nyumba za mdadada kumunsi kwa mafakitale, mwana wa wonola mipeni amene anafa ndi chifuwa cha fumbi la zitsulo. Nawonso analowa ntchito yomweyo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo fakitale itatsekedwa anatulukamo ndi manja olimba ndi mtima wowawa, basi. Masana ena ali paulova analowa mu Belu Long'aluka, nalawa mowa, nanena mokweza kuti amene amausamalira ngofunika kumangidwa. Mwini bala wa nthawiyo, mayi Ollerenshaw, nkhalamba yosaopa munthu, anangoloza chitseko cha kuseri kwa kauntala.

"Ngati uli wanzeru choncho, masitepe ndi awo."

Anatsika, ndipo tinganene kuti sanakwerenso. Amene ankapopa mowa wa pansiwo ndi pampu ya pakauntala anali mtsikana wa pakamwa pakuthwa, dzina lake Enid, ndipo chaka chisanathe awiriwa anakwatirana. Mwana sanamuone. Anthu akamafunsa, a Enid ankayankha kuti ana ali nawo okwanira, mmodzi wandevu, ena khumi agona pansipa.

Mu Belu Long'aluka munali miyambo iwiri. Woyamba ndi wa kulikonse kumene amamwa mowa wa m'migolo. Ukaona kuti mowa suli bwino sulongolola, umangokankhira tambula kwa mwini bala, ndipo iye ayenera kulawa anthu akuona, n'kuvomera kapena kukana. M'zaka zonse za a Norris palibe tambula imene inabwerera. Izi ankatiuza kawiri pa tsiku mpaka makutu anatopa, koma zinali zoona.

Wachiwiri unali wathuwathu. Pamwamba pa kauntala, pa mtanda wakuda umene unaikidwa m'masiku a Mfumukazi Victoria, panali misomali, ndipo pamisomaliyo pankalendewera zikho zachitsulo za anthu amene anamwa mmenemo moyo wawo wonse n'kutsogola. Zinalipo makumi awiri ndi zitatu. Chaka chilichonse, tsiku limene mwini chikho anamwalira, ankachitsitsa n'kuchidzaza, wachibale kapena bwenzi n'kumwa theka, wotsalawo n'kuzungulira onse amene ali m'nyumbamo. Cha a Enid chinali pa msomali wachisanu ndi chiwiri kuchokera kuwindo. Chinalowa m'kati pang'ono chammbali, chifukwa tsiku lina anagagada nacho mutu wa chidakwa chimene chinawagwira m'chiuno. A Enid anamwalira pa 14 Okutobala, ndipo panthawi ya nkhaniyi n'kuti patapita zaka zisanu ndi chimodzi a Norris akuchipukuta Lolemba lililonse.

Ndiye kunabwera Gavin Thackray. Kampani ina itagula nyumbayo inatumiza iyeyu kudzayendetsa bala, munthu wa zaka makumi atatu ndi mphambu, wa nsapato zosongoka ndi mano oyera mopitirira muyeso. Ndinganame nditati anali waulesi. Anakwecha matailosi obiriwira a kukhoma mpaka anawala, anakonza magalasi amaluwa a m'mawindo, anayamba kugulitsa nsomba ndi tchipisi masana. Koma anali ndi matenda a anthu amene aphunzira chinthu masiku awiri n'kupatsidwa pepala. Sabata yake yachitatu anaitana a Norris.

"Madala, mwagwira ntchito, kapumeni. Zapansizi ndizichita ndekha. Ndinapita kukosi, setifiketi ili apo."

"Setifiketiyo imanunkhiza?"

"Mgolo ndi mgolo, madala. Si mwana wakhanda."

A Norris anavula epuloni, naipinda kanayi, naisiya pakauntala. Zinawapweteka, koma zimenezi akanatha kuzimeza, pajatu mawondo anali atayamba kale kukangana ndi masitepe.

Mu Seputembala zikho zinasowa pamtanda. Gavin anati zapita kokatsukidwa, ndipo a Norris anadikira. Pa 14 Okutobala anavala suti yawo ya maliro, nafika masana, ife akalekale tili kale m'mipando.

"Ndabwerera chikho cha akazi anga."

Gavin anakanda m'mutu, namwaza maso m'matebulo. "Chiti? Taonani pa tebulo lachinayi kapena lachisanu."

Chinali pa lachisanu, pakati pa alendo awiri odya nsomba. M'katimo munali mafoloko, mipeni ndi timapaketi ta tomato sosi, ndipo pamalo polowa m'kati paja anali atamatapo kapepala ka nambala 5.

"Zimaoneka bwino patebulo, alendo amazikonda," anatero Gavin. "Ndiponso ndi katundu wa bala, tinagulira kumodzi ndi mipando. Musakwiye, madala, koma akufa samwa mowa."

Tonse tinayembekezera chibakera. A Norris anangoyang'ana chikhocho, nayang'ana Gavin kuyambira kunsapato mpaka kumano, natuluka. Pakhomo anakumana ndi bwenzi lawo la kalekale, a Clifford Hebblethwaite, woyendetsa lole ya kofulula mowa, amene ankabwera kudzamwa nawo theka lija.

"Bwererani, achimwene, kulibe mwambo lero," anatero a Norris. "Koma mwana ameneyu aona chidameta nkhanga mpala. Mlandu suwola."

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera masana alionse, n'kukhala pansi pa misomali yopanda kanthu ija, n'kuitanitsa madzi a mandimu. Mowa sanaukhudzenso. Tikawafunsa ngati wa lero uli bwino ankati, "Funsani setifiketi." Anamuda Gavin ndi mtima wawo wonse, mpaka anaonda nazo. Anaganiza zoponya khoswe wakufa m'chipinda chapansi, anaganiza zolembera kalata a zaumoyo, koma zonsezo zinkawaonekera zachibwana. Ankafuna kuti munthuyo agwe ndi mowa womwewo umene anaupeputsa, ndipo agwe anthu akuona.

Mpata unabwera wokha. Loweruka loyamba la Disembala, a bungwe la okonda mowa wa m'migolo amazungulira mabala kusankha yopambana mumzinda. Belu Long'aluka inapambanapo kanayi m'manja mwa a Norris. Chifikireni Gavin ankatsegula migolo iwiri kapena itatu, imene inkatha msanga isanaulule umbuli wake. Tsopano analemba ndi choko pabolodi la panja kuti Loweruka limenelo kudzakhala mitundu isanu ndi inayi nthawi imodzi, zimene sizinachitikepo m'nyumbayo. A Norris anawerenga bolodilo kawiri, nanena chapansipansi kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lolemba la sabata imeneyo m'mawa anapeza lole ya a Clifford itaima, chitseko cha mumsewu chotsitsira migolo chili chotsegula. Gavin anali atapita kumsika kukagula nsomba.

"Achimwene, tatsikani muone zimene mwana uja wachita kunyumba kwanu," anatero a Clifford. "Ine zandikanika kuyang'ana."

A Norris anatsika ali ndi cholinga, ndipo sichinali chabwino. Ankafuna kuzula zikhomo zonse kuti pofika Loweruka mowa ukhale utafa. Koma atangoponda pansi, mpweya wofunda unawamenya kumaso. Pakona pamene kale pankakhala zidebe, Gavin anaimikapo mafiliji awiri akuluakulu a nsomba ndi tchipisi, ndipo ankapumira kutentha kwawo pamigolo. Migolo yonse isanu ndi inayi inali itabooledwa kale kuyambira Lachisanu, kuti bwana asadzavutike tsikulo. Isanu ndi iwiri inali ndi zikhomo zofewa zimene zinayenera kuchoka dzana, iwiri inali pululu, yopanda chikhomo n'chimodzi chomwe. Panalibe choti aononge chimene Gavin sanaononge kale.

Anayenda pang'onopang'ono akugogoda umodziumodzi. Iwiri ija inali itapita, koma inayo inali ikupumabe. Ntchito yake inali ya mphindi khumi: kuzimitsa mafiliji, kukhomera zikhomo zolimba, kufunditsa migolo masaka onyowa. Ndipo zikhomo zolimba anali nazo m'thumba la jekete, chifukwa zaka zonsezi sanatulukepo m'nyumba opanda zikhomo, ngakhale popita kutchalitchi. Dzanja linapita lokha. Anazindikira atagwira kachikhomo pamwamba pa mgolo wa mowa wakuda umene a Enid ankaukonda, khutu likumva kampweya kakutuluka mofooka. Kenako anakumbukira kapepala ka nambala 5. M'moyo wawo wonse, kupatula kunyamula maliro a akazi awo, sanachitepo chinthu cholemera ngati kubweza kachikhomo kaja m'thumba.

"Simukonza?" anafunsa a Clifford ali pamwamba.

"Ndinapumitsidwa ine."

"Ufatu mowawu, Norris."

"Ufe. Ndipo inu simunandione."

"Koma mtima wanuwo ndi mwala, achimwene."

"Munaona pamene anaika foloko?"

A Clifford anangowatambasulira dzanja kuwathandiza kukwera.

Sabata imeneyo chakudya sichinkalowa. Ankakhala pampando wawo ndi madzi a mandimu, akudziwa zimene zikuchitika pansi pa mapazi awo ngati akuziona. Lachiwiri anadziwa kuti mowa wofiira wafooka. Lachinayi anadziwa kuti wakuda wapita. Kawiri konse anadzuka kuti amutsine khutu Gavin, ndipo kawiri konse maso anagwera pa tebulo lachisanu, nakhalanso pansi.

Loweruka masana bala inadzaza mpaka pakhomo. Oweruza anafika atatu, wotsogolera ali mayi Pickersgill, mphunzitsi wopuma amene anaphunzitsa theka la anthu a m'nyumbamo kuwerenga. Anakhala pa tebulo lachisanu ndi timabuku tawo. A Norris ankawadziwa bwino oweruza, ndi anthu aulemu, amalawa, n'kulemba mwakachetechete, n'kuthokoza, n'kumapita. Zimenezo sizikanawakwanira. Oweruza asanaitanitse kanthu, anadzuka n'kupita pakauntala.

"Tambula imodzi ya wofiira uja."

Gavin anaonetsa mano onse.

"Mwabwerera kwanu, madala! Imeneyi ndi yaulere."

"Zaulere sindimwa. Popa."

Anapopa. Kathovu kanabwera kochepa, kanatha tambula isanafike m'manja. A Norris anainyamula kupita nayo pawindo, naikweza kuti kuwala kudutsemo, koma sikunadutse. Ananunkhiza, analawa kamodzi, nabwerera. Anaiika pakauntala, ndipo ndi chala chimodzi anaikankha pang'onopang'ono mpaka inakagunda batani la malaya a Gavin.

Mwambo umenewu Gavin ankaudziwa, pajatu kukosi amaphunzitsa. Ananyamula tambula, namwa, ndipo tonse tinaona kholingo lake likukana. Akanangoti pepani, mwina anthu akanamumvera chisoni. Koma iye anapukuta pakamwa n'kuseka.

"Umakoma chonchi, madala. Ndi mowa wamoyo uwu, umayenera kusasa pang'ono. Mwina lilime lakalamba."

Ananena zimenezi m'nyumba yodzaza anthu amene amwa mowa womwewo zaka makumi anayi. Wina kumbuyo anaimba mluzu. Mayi Pickersgill anavula magalasi.

"Mwati bwanji, bambo?"

"Mwina ndi lilimedi," anatero a Norris modekha. "Tiyese wachiwiri."

Anayenda mapampu onse asanu ndi anayi. Mowa uliwonse ankapita nawo pawindo, kununkhiza, kulawa, kubwerera, kukankha ndi chala chomwe chija, ndipo uliwonse Gavin ankayenera kuulawa. Pa wachitatu Gavin anati vuto ndi mapaipi. Pa wachinayi anati vuto ndi a kofulula, koma a Clifford anadzuka n'kufunsa ngati akufuna abwereze mawu amenewo panja. Pofika wachisanu ndi chimodzi misozi inali ikulengeza m'maso mwa Gavin. Wakuda uja a Norris anausiya komalizira. Matambula asanu ndi anayi anandandalika pakauntala. Kenako ife tonse, amene tinkangomeza mwaulemu sabata yonse, tinadzuka mmodzimmodzi kukawonjezera athu.

Mayi Pickersgill anatseka kabuku kawo asanalembemo chilichonse. Potolera chikwama maso awo anagwera pa chikho cha mafoloko chija, nachitembenuza, naona polowa m'kati paja.

"Ichi si cha Enid ichi?"

Anazula mafoloko ndi mipeni, naziyala patebulo chimodzichimodzi, nauza anzawo kuti azipita. A Norris anasangalala, ndisakubisireni. Chinali chimwemwe choipa, chotentha, ndipo anapita nacho kunyumba akuyenda ngati mawondo ndi atsopano.

Lolemba m'mawa, mvula ikuwaza, Gavin anagogoda pakhomo pawo. A kampani anali atamuuza kuti akonze zinthu Khirisimasi isanafike kapena alongedze. Mano aja sanaoneke.

"Bambo Sugden, ndabwera kudzapepesa."

"Madala aja apita kuti?"

"Ndinalakwa, bambo. Chonde bwererani pansi paja."

A Norris sanamulowetse. Anamusiya pasitepe mpaka mvula inalowa mu nsapato zosongoka zija, ndipo kenako anamuuza zofuna zawo. Mafiliji atuluke lero lomwe. Zikho zonse makumi awiri ndi zitatu azitsuke ndi manja ake, achotse mapepala a nambala, akwere makwerero masana anthu alipo, ndipo popachika chilichonse atchule dzina la mwini wake.

"Nanga migolo ija? Ndikataye?"

"Imeneyo usaikhudze. Ndinaipha ndine."

Anaitaya okha, chitseko atatseka. A Clifford, amene ankadikira migolo yopanda kanthu pamwamba, akuti ankangomva mowa ukukhuthukira m'ngalande ndi munthu akumina pafupipafupi. Atakwera, a Clifford anawafunsa ngati akudandaula. A Norris anati akudandaula kwambiri, ndipo atapatsidwa mpata wina akhoza kuchitanso chimodzimodzi.

Lachiwiri masana Gavin anakwera makwerero. A Norris anakhala pansi ndi zikho patebulo, akumupatsira chimodzichimodzi. Mayina ena anali a anthu amene anafa ife tisanabadwe, ndipo ankawadziwa ndi iwo okha.

"Seth Broadbent, wosula mafosholo."

"Seth Broadbent."

"Sitinamve kuno. Ndiponso anali ndi ntchito."

"Seth Broadbent, wosula mafosholo!"

Zinatenga ola lathunthu, chifukwa akalakwitsa dzina ankamubwezera poyambira. Msomali wachisanu ndi chiwiri anaudumpha. Chikho cha a Enid a Norris anachitsuka okha, nachikulunga mumpango, nati sichikwera chisanamwe.

Migolo yatsopano inafika Lachitatu. Gavin ankafunsa m'mawa uliwonse ngati yapsa, ndipo yankho linali limodzi, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bala inakhala masiku asanu ndi limodzi ikugulitsa mowa wa m'mabotolo. Tsiku lachisanu ndi chiwiri a Norris anakwera masitepe atavala suti ya maliro ija pansi pa epuloni, napita kuseri kwa kauntala osapempha, napopa wakuda m'chikho cha akazi awo. Thovu linakhala pamwamba lochindikala, losasuntha. Ananyamula ndi manja awiri.

"Ndachedwa miyezi iwiri, mayi," anatero motsitsa mawu. "Kunali kantchito."

Anamwa theka, napatsira a Clifford. Chikho chinayamba kuzungulira monga mwa mwambo, aliyense kamodzi, ngakhale alendo awiri amene anangolowa kudzabisala mvula. Mayi Pickersgill analawa, natseka maso, nagwedeza mutu movomereza. Chinayenda m'matebulo onse mpaka chinabwerera pakauntala, mutatsala kokwanira munthu mmodzi. Gavin anali ataima pamenepo, atatuwa ndi ntchito ya sabata yonse, ndipo ena a ife tinaganiza kuti walangika mokwanira. Nayenso anaganiza choncho. Anapukuta dzanja pamalaya, nalitambasula.

A Norris anachilanda chikhocho chisanafike, namwa okha wotsalawo. Anakwera makwerero ndi mawondo awo aja, nachipachika pa msomali wachisanu ndi chiwiri, nachiwongola kuti polowa m'kati paja payang'ane kuwindo. Atatsika anapeza dzanja la Gavin likadali m'malere.

"Iwe ayi," anatero. "Akufa samwa mowa."